Batire la 2500 mAh likugonja kwa la 950: kusankha ndi kufananitsa mabatire a Mini 4WD

Funso: Ndili ku Japan pa maphunziro, ndipo mwana wanga wa zaka 10 walowerera m'mipikisano ya timagalimoto ta Mini 4WD pa sitolo ina yapafupi ndi kwathu. Ndinamugulira mabatire otchaja a 2500 mAh poganiza kuti ndiwo amphamvu, koma anzake okhala ndi a 950 mAh akumusiya m'mbuyo. Tsiku lina akangowachotsa pa tchaja, kagalimoto kamathamanga mpaka kuuluka n'kutuluka m'njira. Tsiku lina kamachita ulesi. Akuluakulu a pamalopo amakamba zofananitsa mabatire awiriawiri. Ndigule ati, nanga kufananitsako kumachitika bwanji? Ndine bambo wokhala ku Osaka.

Yankho: Bambo, mabatire amene munagula ndi abwino, kungoti anapangidwira ntchito ina: kamera, tochi, chilichonse chofunika kuyaka nthawi yaitali. Mpikisano wa Mini 4WD sufuna zimenezo. Tiwerengere limodzi. Mota za timagalimoti zimakoka ma amp apakati pa awiri ndi anayi, kutengera mtundu wake. Tinene kuti ya mwana wanu ikukoka 3 A. Mpikisano wozungulira katatu pa njira ya mizere itatu nthawi zambiri umatha pa theka la mphindi, mwina kupitirirako pang'ono. Nambala ya mAh imasonyeza kuchuluka kwa moto umene batire limasunga, ndipo ma amp 3 kwa masekondi 30 ndi 25 mAh basi. Batire la 950 limafika pa mzere womalizira litangotapidwa pamwamba pokha. La 2500 nalo limapereka 25 mAh yomweyo, yotsalayo n'kungokhala katundu amene kagalimoto kasenza osamugwiritsa ntchito.

Katunduyo amalemera ndithu. Batire limodzi la Neo Champ, limene kampani ya Tamiya, yopanga timagalimototi, imagulitsa ndipo ndi la 950 mAh, limalemera magalamu pafupifupi 18. La mtundu wina wotchedwa eneloop, lawamba, limafika 26 kapena 27, ndipo la eneloop pro, la m'gulu la 2500 lija, lili cha m'ma 30. Popeza kagalimoto kamalowa mabatire awiri, mwana wanu wanyamula magalamu 60 pamene mnzake wanyamula 36. Malamulo a Tamiya amati kagalimoto kasachepere magalamu 90 mota ndi mabatire zili momwemo, ndipo tambiri tokonzedwera mpikisano timapitirira 100 chifukwa cha timawilo ta m'mbali, mabuleki ndi tizitsulo toletsa kunjanja. Magalamu 24 owonjezera pa kanthu kotere ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a thupi lake lonse. Kamachedwa kunyamuka, kamakanikiza khoma mwamphamvu pokhota, buleki imavutika kukagwira, ndipo kakatera pambuyo podumpha kamamenya pansi mwamphamvu. Palinso kena: mabatire a mAh zambiri amakhala onenepa pang'ono, ndipo m'ma chassis ena, kutanthauza maziko a kagalimoto, amalowa mothina mpaka kupinda pulasitiki, magiya n'kuyamba kulumana molakwika.

Za kuuluka ndi ulesi zija ndiye mtima wa nkhani yonse. Tamiya, kampani ya ku Shizuoka, inatulutsa Mini 4WD mu 1982, ta mpikisano tinabwera mu 1986, ndipo mpikisano waukulu wa Japan Cup unayamba mu 1988. Ma chassis asintha, mota zachuluka, koma chinthu chimodzi chili momwemo: kagalimotoka kalibe woyendetsa. Palibe chiwongolero, palibe rimoti, palibe wopondereza kapena kuchepetsa liwiro. Mwana akayatsa n'kukasiya pa njira, ntchito yake yatha. Choncho liwiro lonse limaganizidwa kale patebulo, ndipo pa zinthu zonse zimene zimalisintha, batire ndi limene limasintha lokha, ola ndi ola, mwini wake asanakhudze chilichonse.

Liwiro la mota limatsata volteji imene ikuifika. Mabatire a NiMH, mtundu wa otchaja amene tikukambawa, amalembedwa 1.2 V, koma nambala imeneyo ndi ya pakati pa ulendo wake wonse. Likangochoka pa tchaja limasonyeza 1.45 V kapena kuposerapo, pakapita ola limakhala cha m'ma 1.40, mawa lake latsikanso. Tiyerekeze kuti Loweruka lina mota inkalandira 2.4 V kuchokera ku mabatire onse awiri, ndipo Loweruka lotsatira, mabatire ali otentha kuchokera pa tchaja, ikulandira 2.6 V. Kusiyanako ndi 8 peresenti ya liwiro. Koma mtunda umene kagalimoto kamadumpha pa chitunda sukwera ndi 8 yomweyo. Umakwera molingana ndi liwiro kulichulukitsa ndi lokha, ndiye kuti pafupifupi 17 peresenti. Kumene kankatera pa njira yowongoka, tsopano kakutera pakhonde la kona. Buleki inali yokwanira sabata yatha, lero yachepa. Mwana amaganiza kuti kagalimoto kawonongeka, n'kuyamba kumasula timawilo ndi kusintha siponji ya buleki, pamene chasintha ndi batire lokha. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene ana ambiri amagwa ulesi ndi masewerawa, chifukwa akukonza chinthu chimene sichinawonongeke.

Nambala imene iyenera kukudetsani nkhawa siinalembedwe pa batire. Amisiri amaitcha internal resistance, mwachidule IR, ndipo ndi kukaniza kumene kuli m'kati mwa batire lenilenilo moto ukamatuluka. Taganizirani thanki ya madzi: mAh ndi kukula kwa thanki, IR ndi kuning'a kwa paipi yotulutsira. Wofuna kudzaza chidebe chimodzi mwachangu safunsa kukula kwa thanki, amayang'ana paipi. Volteji imene imatayika m'kati mwa batire ndi ma amp kuchulukitsa ndi IR. Batire labwino la NiMH lokhala ndi IR ya ma milliohm 40, likakokedwa 3 A, limataya 0.12 V, awiri amataya 0.24 V. Lotopa la ma milliohm 100 limataya 0.3 V, awiri 0.6 V. Mukawayeza onse ali chikhalire, mita ikhoza kusonyeza 1.40 V pa lililonse, inu n'kumati ali chimodzimodzi. Kusiyana kwawo kumaonekera pokhapokha mota ikayamba kukoka.

N'chifukwa chake mabatire a alkaline, osatchajidwa aja, ngakhale amalembedwa 1.5 V ndipo atsopano amasonyeza pafupifupi 1.6 V, amagonja kwa a 1.2 V pa mota zolusa ngati Power-Dash ndi Sprint-Dash. IR yawo ndi yokwera kangapo, kawirikawiri kuyambira ma milliohm 150 kupita m'tsogolo, moti pa 3 A volteji yawo imagwa kufika pansi pa ya NiMH. Pa mota zofatsa monga Torque-Tuned 2 kapena Atomic-Tuned 2 amachita bwino ndithu, ndipo ena amawasankha dala pa njira yodzadza ndi zitunda kuti kagalimoto kafatse.

Ndiye mugule ati? Yambani ndi kufunsa malamulo a pamene mwana akupikisana. M'mipikisano yovomerezeka ndi Tamiya ku Japan amagwiritsa ntchito mabatire a Tamiya, Neo Champ otchaja ndi Power Champ a alkaline, ndipo pa Japan Cup za m'mbuyomu ankalolanso a alkaline a Fujitsu. Chikalata cha mpikisano uliwonse chimanena amene aloledwa, choncho chiwerengeni. Masitolo ena amalola batire lililonse la NiMH. Ngakhale zili choncho, ine ndinganene kuti mugule Neo Champ, chifukwa mwana akazolowera khalidwe la batire limodzi, tsiku limene adzalembetse mpikisano waukulu sadzayambanso kuphunzira. Pamene malamulo ali omasuka, eneloop lite ndi wofanana nalo pa kulemera ndi pa mAh. Mabatire a eneloop anayamba ndi Sanyo mu 2005, dzinalo pano lili m'manja mwa Panasonic, ndipo ndi a mtundu wosataya moto msanga akakhala osagwiritsidwa ntchito.

Pali ena ooneka ngati AA amene sayenera kulowa m'kagalimotoka. A lithium otchedwa 14500 ndi ofanana msinkhu ndi AA, koma limodzi likadzaza lili ndi 4.2 V, awiri amapereka 8.4 V ku mota yopangidwira 2.4 mpaka 3.0 V. Mota imapsa, pulasitiki imasungunuka, ndipo kagalimoto kotuluka m'njira pa liwiro limenelo kangavulaze mwana woima pambali. A lithium a 1.5 V otchajira pa USB ali ndi kadera ka magetsi m'kati kamene kamadula moto mota ikakoka kwambiri, ndipo malamulo sawalola. A NiZn a 1.6 V nawo ali kunja kwa malamulo. Mukaona batire la AA la NiMH lolembedwa 3000 mAh kapena kuposa, lisiyeni pa shelefu pomwepo. Enieni a msinkhu umenewu amalekezera cha m'ma 2500 mpaka 2700.

Ndalama imene mungaike pa mabatire ambiri, ikani kaye pa tchaja. Tchaja zotchipa zimene zimatchaja awiri pamodzi n'kuzima nthawi ikakwana ndizo zimasiyanitsa mabatire: lina limadzaza mopitirira, lina limatsala. Mufunika tchaja imene malo aliwonse amayang'anira batire lake palokha, yosonyeza volteji, yotha kukhetsa moto n'kukuuzani mAh. Zodziwika pakati pa a masewerawa ndi SkyRC MC3000, ISDT C4, Hitec X4 Advanced ndi Powerex MH-C9000. Tchaja zotere zimadziwa kuti batire la NiMH ladzaza poona volteji ikafika pamwamba n'kutsika pang'ono kwambiri, ma millivolt ochepa chabe. Kutsikako kumaoneka bwino mukatchaja ndi moto wapakati pa theka la mAh za batire ndi mAh zake zonse. Kwa Neo Champ ndiye kuti 0.5 A mpaka 1 A. Mukatchaja mofooka kwambiri poganiza kuti mukulisamala, tchaja ikhoza kuphonya chizindikirocho n'kumangothira moto m'batire lodzaza kale.

Tsopano kufananitsa. Ndinene kaye zimene kumachita ndi zimene sikuchita, chifukwa patebulo la ku sitolo mudzamva zambiri. Mabatire awiri a m'kagalimoto amalumikizana motsatizana, choncho moto wodutsa mwa onse ndi umodzi ndipo ma volteji awo amaphatikizana. Pa mpikisano wa masekondi 30, batire lopereka 1.30 V ndi lina lopereka 1.24 V amapatsa mota 2.54 V, chimodzimodzi ndi awiri a 1.27 V. Kufanana pakokha sikuwonjezera liwiro ngakhale pang'ono. Phindu lake lili pena. Poyeza mumagwira batire lofooka limene likanabisala pakati pa anzake. Awiri ofanana amadzaza nthawi imodzi, amatsika mofanana podikira, amakalamba limodzi, moti peyala imene munaidziwa mwezi watha ndi yomweyo lero. Ndipo pa nthawi yoyeserera, mwana akamathamangitsa kagalimoto mpaka kuima, batire lochepa mAh limatha moto loyamba, linzake n'kupitiriza kukankha moto kudutsa mwa ilo chobwerera. Zikatero volteji yake imatembenuka, ndipo batire limene lachitidwa zimenezi kangapo silibwereranso mwakale.

Gulani mabatire asanu ndi atatu tsiku limodzi, pa sitolo imodzi, kuti akhale a nthawi imodzi yopangidwa. Neo Champ amagulitsidwa awiriawiri, koma musaganize kuti awiri a m'paketi imodzi ndi ofanana kale. Palibe anawayeza ndi cholinga chimenecho. Alembeni manambala ndi cholembera chosafufutika, kuyambira 1 mpaka 8, ndipo chikutiro chawo musachisende kapena kuchimata zinthu, chifukwa oyang'anira mpikisano amakana batire long'ambika. Mwana alembe yekha manambalawo ndi kusunga kabuku ka zotsatira. Gawo limeneli ndi lake, ndipo akalizolowera adzayamba kuona yekha chifukwa chimene kagalimoto kachitira zimene kachita.

Musawayeze ali atsopano. Batire limene lakhala m'sitolo miyezi limakhala logona, IR yake ili pamwamba, ndipo limafunika kudzazidwa ndi kukhetsedwa katatu kapena kasanu lisanaonetse khalidwe lake lenileni. Tchajani pa 1 A, lipumitseni theka la ola, khetsani pa 0.5 A kapena 1 A mpaka 1.0 V, lipumitseninso, bwerezani. Musapitirire pansi pa 0.9 V. Mudzaona mAh zikukwera pang'onopang'ono paulendo uliwonse, kenako n'kukhazikika. Zikakhazikika ndiye nthawi yoyeza yakwana. Tchaja ya MH-C9000 ili ndi njira ina yochedwa, yotsata muyezo wa bungwe la padziko lonse la IEC, yothira gawo limodzi mwa magawo 10 a mAh za batire pa ola lililonse kwa maola 16. Ndi yabwino podzutsa mabatire amene akhalitsa, koma pa atsopano a mpikisano njira yachidule ija ikukwanira.

Poyeza, mdani wanu ndi kusintha kwa zinthu zozungulira. Batire lofunda lili ndi IR yotsika kuposa lozizira, choncho onse ayezedwe m'chipinda chimodzi, tsiku limodzi, atapuma nthawi yofanana kuchokera pa tchaja, tinene ola limodzi. Malo a pa tchaja nawo sakhala ofanana. Sipuling'i ya malo ena imagwira molimba kuposa ya ena, ndipo ma milliohm 10 kapena 20 akhoza kuchokera pamenepo. Ngati muli ndi nthawi, yezani onse pa malo amodzi, limodzi ndi limodzi. Khetsani ndi moto waukulu umene tchaja ingathe: MC3000 imafika 2 A, MH-C9000 imalekezera 1 A. Lembani volteji pa sekondi ya 30 ndi ya 60, kenako lisiyeni litsike mpaka 1.0 V kuti mupeze mAh. Pa manambala atatuwa, ofunika kwambiri ndi awiri oyambawo, chifukwa ndi m'mphindi yoyamba imeneyo mmene mpikisano wonse umachitikira. Nambala ya IR imene tchaja imasonyeza isakusokonezeni: imasintha mukangotembenuza batire pang'ono, ndipo ya tchaja ina siifanana ndi ya tchaja ina. Yezani katatu, tengani yapakati, ndipo muiyerekeze ndi ya mabatire oyezedwa pa tchaja yomweyo basi.

Ngati tchaja yotere simunaipeze, multimeter, mita yoyezera magetsi, ndi resistor imodzi ya 1 ohm yopirira ma watt 5 zikugwirirani ntchito. Yezani batire lili chikhalire. Tinene lasonyeza 1.38 V. Lumikizani resistor ku mbali zake ziwiri, werengani masekondi 10, yezaninso pa batire lenilenilo. Tinene lasonyeza 1.31 V. Moto umene ukudutsa ndi 1.31 A, volteji yagwa ndi 0.07, ndiye IR ndi 0.07 kugawa ndi 1.31, pafupifupi ma milliohm 53. Resistor imatentha, choncho ntchito imeneyi igwireni inuyo, mwana azilemba. Mita yosonyeza manambala atatu pambuyo pa kadontho imathandiza kwambiri, chifukwa mabatire abwino amasiyana ndi ma millivolt ochepa.

Mukatha, asanjeni kuyambira losunga volteji yokwera kufika lotsika. Tiyerekeze kuti zatuluka motere: 1.33, 1.33, 1.32, 1.32, 1.31, 1.31, 1.29 ndi 1.24. Loyamba ndi lachiwiri akhale peyala A, lachitatu ndi lachinayi peyala B, lachisanu ndi lachisanu ndi chimodzi peyala C. La 1.29 lidikire mnzake pa gulu lotsatira, la 1.24 lipite mu wotchi ya pakhoma. Onaninso mAh za awiri a m'peyala iliyonse: zikasiyana mopitirira 3 mpaka 5 peresenti, sinthanitsani ndi loyandikana nalo pa mndandanda. Ena amaphatikiza labwino kwambiri ndi lofooka kwambiri kuti mapeyala onse akhale ndi volteji yofanana. Pa pepala zimagwira, koma ine sindizivomereza, chifukwa lofookalo ndilo limatha moto msanga, n'kutembenuzidwa, n'kufookeranso, ndipo pakapita miyezi iwiri mapeyala ofanana aja asiyana kale. Kuyambira pamenepo peyala isalekanitsidwe: itchajidwe limodzi, ithamange limodzi, ipume limodzi. Lembani A kapena B pambali pa nambala.

Tsiku la mpikisano, cholinga chisakhale volteji yokwera kwambiri. Chikhale volteji imene kagalimoto kanakonzedwera. Poyeserera, mwana ayeze batire lililonse asanaliike, alembe nambalayo, athamangitse, alembe ngati kamaliza kapena katuluka ndi pamene katulukira. Pakapita maulendo angapo mudzaona malire: mwina pa 1.38 V kamamaliza nthawi zonse, pa 1.41 kamatera movutikira, pa 1.44 kamauluka pa chitunda chachiwiri. Nambala ya pansi pang'ono pa malirewo ndiyo yanu pa njira imeneyo, ndi mota imeneyo, ndi buleki imeneyo. Sitolo ikasintha kayalidwe ka njira, nambala imafunidwanso. Batire likakhala pamwamba pa nambalayo, yatsani kagalimoto m'manja matayala azizungulira m'mwamba kwa masekondi angapo, kapena khetsani pang'ono pa tchaja, dikirani mphindi ziwiri kuti volteji ikhazikike, yezaninso. Likakhala pansi, libwezereni pa tchaja pang'ono.

Kumbukiraninso mzere wodikira. Pa mpikisano waukulu mwana akhoza kuima nthawi yaitali kagalimoto kali m'manja, ndipo volteji ya batire longochoka pa tchaja imatsika mofulumira kwambiri m'mphindi 20 kapena 30 zoyamba, batirelo likuziziranso. Amene anakonza kagalimoto kake ndi batire la moto wa pompopompo amafika poyambira ndi kagalimoto kena. Batire limene lapuma ola limodzi limasintha pang'ono chabe pa nthawi yodikirayo, n'chifukwa chake ndimalimbikitsa kukonzera pa batire lopuma. M'nyengo yozizira ya ku Japan, sungani mabatire m'kabokosi kawo ka pulasitiki m'thumba la m'kati mwa jekete, kuti akhale ofunda ngati thupi. Asakhale okhaokha m'thumba limodzi ndi makiyi kapena ndalama zachitsulo. Batire la NiMH likalumikizidwa mbali zonse ndi chitsulo limatulutsa moto wokwanira kuwotcha khungu. M'chilimwe musawasiye m'galimoto yoimikidwa padzuwa.

Mudzaona akuluakulu ena akutchaja pa 3 A kapena kupitirira, kukankha volteji pamwamba pa imene tchaja ikanaimira, mpaka batire kutentha losagwirika. Amapezadi liwiro la masekondi ochepa oyamba. Koma kutentha kopitirira madigiri 45 kumakalambitsa batire msanga, mpweya umachuluka m'kati, kavavu kotetezera kamatseguka, ndipo madzi a m'kati, amene ali ndi potassium hydroxide, amatuluka. Madzi amenewo amawotcha khungu ndipo ndi oopsa m'maso. Batire limene latulutsapo madzi IR yake imakwera mpaka kalekale. Kwa mwana wa zaka 10 njira imeneyi ndikuikana ndithu, ndipo vuto lake panopa si kuchepa kwa liwiro. Kagalimoto kake kakutuluka kale m'njira. Tchajani pa 1 A, pa malo osayaka moto, munthu wamkulu ali pafupi, ndipo batire likatentha moti simungalifumbate, lichotseni.

Musanadzudzule batire lililonse, yang'anani tizitsulo timene limakhudza m'kagalimoto. Moto umadutsa malo anayi okhudzana ndi mabatire, kenako pa switch ndi pa mota, ndipo paliponse pali thukuta la zala, girizi kapena dzimbiri pamawonjezera ma milliohm. Mukhoza kutha sabata mukusankha batire loposa anzake ndi ma milliohm 5, n'kutaya 30 pa kachitsulo kakuda. Pukutani tizitsuloto ndi mitu ya mabatire ndi kansalu kouma kapena konyowetsa pang'ono ndi spirit, musatipale ndi sandpaper, ndipo musatigwire ndi zala mukatha. Tamiya amagulitsa topakidwa golide, timene ubwino wake ndi kusachita dzimbiri. Gwedezani kagalimoto kali koyaka: mota ikamadukiza kulira, batire likusewera m'malo mwake, ndipo limachitanso chimodzimodzi potera pambuyo podumpha. Kasiponji kopyapyala pansi pa chogwirira mabatire kamathetsa zimenezo.

Kagwiritsidwe ka mpikisano, kotapa pang'ono n'kudzazanso, kutapa pang'ono n'kudzazanso, kamachititsa kuti volteji ya NiMH pa ntchito itsike pang'onopang'ono ngakhale batire lili lathanzi. Mankhwala ake ndi osavuta: mukabwera ku mpikisano, kapena kamodzi pa masabata angapo, khetsani batire lililonse palokha mpaka 1.0 V pa tchaja, n'kulidzazanso. Musakhetsere m'kagalimoto posiya mota ikulira mpaka kuima, chifukwa ndi mmene batire lofooka limatembenuzidwira. Mwana aphunzire kuzimitsa akangomva kulira kwa mota kwatsika. Ngati mabatire akhala mwezi kapena kuposa osagwira ntchito, asungeni ali ndi moto, pamalo ozizira bwino, ndipo muwazungulize kamodzi kapena kawiri mpikisano usanafike. Pakatha miyezi itatu kapena inayi bwerezani kuyeza kuja; peyala A ya mu April ikhoza kukhala B pofika September.

Mwana akadzasamukira ku timagalimoto ta rimoti, monga Mini-Z ya Kyosho imene inatuluka mu 1999 ndipo imalowa mabatire anayi a AAA, kawerengedwe kamasinthako. Mpikisano wake umatenga mphindi zingapo, ndiye mAh zimayamba kukhala ndi ntchito, ndipo pa mabatire anayi otsatizana mpata woti limodzi litsale m'mbuyo ndi waukulu. Kumeneko amafananitsa anayi, poyang'ana volteji yapakati pa ulendo wonse pamodzi ndi mAh. Mwambo wonsewu unakula ndi magalimoto a rimoti aakulu m'zaka za m'ma 1990 ndi 2000, pamene makampani ankayeza mabatire onenepa otchedwa sub-C pa ma amp 20 kapena 30 n'kumata pa lililonse kapepala ka masekondi, volteji ndi IR asanawagulitse asanu ndi limodzi pamodzi.

Batire lichoke pa mpikisano IR yake ikafika kawiri ya pamene linali latsopano, mAh zikatsika pansi pa 80 peresenti, kapena likayamba kutentha pa tchaja kuposa mnzake. Lotere likhoza kugwirabe mu rimoti ya TV. Long'ambika chikutiro, lophwanyika pamutu kapena lotuluka zoyera ngati mchere lisalowenso m'chilichonse: matani tepi mbali zake zonse ziwiri n'kukalisiya kumalo olandirira mabatire owonongeka, osati m'zinyalala za kunyumba. A 2500 mAh aja asungeni. Ndi othandiza pozungulitsa mota yatsopano patebulo kuti ikhazikike ndi poyesa ngati magiya akulumana bwino, ntchito zodya moto wambiri zimene zikanatopetsa mapeyala a mpikisano. Kungoti buleki ndi timawilo ta m'mbali musazikonzere pa iwo, chifukwa kagalimoto kolemera magalamu 24 owonjezera kamadumpha ndi kutera mosiyana ndi kamene mwana adzaike pa mzere woyambira.